Khoswe wa pa mkhate: yankho kwa ofuna kujambula filimu ya bwana wothawa milandu ya nkhondo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu wina wa ku Rosettenville kuno ku Joni, amene mkati mwa sabata amagwira ntchito ya zomangamanga koma Lamulungu masana amatsogolera kagulu ka zisudzo ka achinyamata a kumpingo kwawo. Ndaidula apa ndi apo, koma mfundo zake ndi izi:

"Tikufuna kujambula filimu ya mphindi 20 pa foni. Nkhani yake ndi ya mayi wa ku Ntcheu wogwira ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wachikulire, wofatsa, wochokera dziko lina la muno mu Africa. Kumapeto mayiyo akupeza chithunzi chosonyeza kuti bwanayo anali mkulu wa asilikali amene anapha anthu ambiri kwawo. Bwana akutulutsa mfuti, apolisi akufika, filimu yatha. Titawerengera anzathu, palibe anachita mantha, ena mpaka anaseka. Talakwitsa pati? Tingaphunzire pa mafilimu ati? Komanso mnzathu wina akuti zoterezi sizichitika, n'za m'mafilimu basi."

Achimwene, tiyambe ndi mnzanuyo poti wake ndi mlandu wosavuta. Pa 24 May 2023 apolisi anagwira bambo wina pa famu ya mphesa ku Paarl, chakufupi ndi Cape Town, amene ankadzitcha Donatien Nibashumba. Dzina lake lenileni ndi Fulgence Kayishema. Anali wapolisi ku Rwanda, ndipo khoti la United Nations linkamusaka kuyambira 2001 pomuganizira kuti anatsogolera nawo kuphedwa kwa anthu oposa 2,000 amene anathawira m'tchalitchi cha Katolika ku Nyange mu April 1994. Protais Mpiranya, yemwe anali pa mndandanda womwewo, anafera ku Harare mu 2006 n'kuikidwa m'manda ndi dzina lina, ndipo omusaka anadzatsimikiza zimenezi mu 2022. Kwathu komwe, Vincent Murekezi anakhala zaka ku Lilongwe akuchita bizinesi, pasipoti ya Malawi ili m'thumba, mpaka anamutumiza ku Rwanda mu January 2019. Radovan Karadžić, mtsogoleri wa Aserbia a ku Bosnia, anamugwira ku Belgrade mu July 2008 ali ndi chindevu choyera, akudzitcha Dragan Dabić, akuchiza anthu ngati sing'anga, mpaka kumalemba malangizo m'magazini ya zaumoyo. Aliyense mwa amenewa anali ndi neba, anali ndi womugulitsa buledi, anali ndi womumeta tsitsi. Filimu yanuyo ndi ya anthu amenewa, ndipo alipo ambiri.

Tsono pa funso lenilenilo. Zolakwika ndaonapo ziwiri zikuluzikulu, ndipo chachiwiricho n'chimene chapha nkhani.

Choyamba, chinsinsi mwabisira munthu wolakwika. Mwabisira woonera. Alfred Hitchcock, katswiri wa mafilimu oopsa, ankafotokoza zimenezi ndi fanizo la bomba. Anthu awiri akucheza patebulo, bomba n'kuphulika mwadzidzidzi: woonera adzidzimuka masekondi 15, zatha. Koma mukamuonetsa bombalo lili pansi pa tebulo, n'kumuonetsanso wotchi, macheza opanda pake omwe aja amukhazika mtima uli m'mwamba kwa mphindi 15. Inu mwapatsa anthu mphindi 18 za mayi akukolopa ndi bwana akumwa tiyi, iwo osadziwa kuti pali choopera. The Stranger ya 1946, imene Orson Welles anatsogolera n'kuseweramonso, imachita zosiyana. Koyambirira komwe timaona mphunzitsi wolemekezeka wa m'katauni ka ku Connecticut, amene kwenikweni ndi mkulu wa chipani cha Nazi cha Hitler wothawa milandu ya nkhondo, akupotokola khosi la mnzake wakale wa ku Germany m'nkhalango, madzulo a tsiku lomwelo n'kukamanga ukwati ndi mwana wa jaji wa khoti lalikulu. Kuyambira pamenepo chilichonse chimaopsa, ngakhale galu wa mkaziyo akangoyamba kufukula masamba pamene pakwiriridwa mtembo.

Chachiwiri: palibe chimene chikumugwira mwendo mayi wanuyo. Wapeza chithunzi, nanga chikumuletsa n'chiyani kutuluka pageti, kukwera taxi n'kukanena? Ngati palibe, nkhani palibenso. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mtundu wonse wa mafilimu amenewa wagona pa mwambi umenewu. Khoswe timamuona tonse, chibonga chili m'manja, koma wakhala pa chinthu chimene mwini chibonga sangapirire kuchiswa. Musanalembenso tsamba lililonse, khalani pansi ndi gulu lanu mugwirizane kuti mkhate wa mayiyu ndi uti.

Onani mmene ena anaumbira mkhate wawo. Pano ndiulula mathero a filimu imodzi, mundikhululukire. Mu Music Box ya 1989, ya Costa-Gavras, Jessica Lange ndi loya wa ku Chicago amene bambo ake, nkhalamba yochokera ku Hungary imene inalera ana ake yokha ndi ntchito ya kufakitale ya zitsulo, boma likufuna kuilanda unzika ponena kuti inkapha Ayuda m'mphepete mwa mtsinje wa Danube nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mwana akuimira bambo ake kukhoti, akupanikiza mboni zokalamba zimene zikulira, mlandu n'kupambana. Atapambana kale m'pamene akuombola kabokosi koimba nyimbo kamene kanali pa chikole, ndipo zithunzi zikutuluka m'kabokosimo chimodzichimodzi. Mufilimu yonseyi mulibe wothamangitsa mnzake ndi galimoto. Choopsa n'choti nkhalamba ija ndi agogo ake a mwana wake, ndipo mwanayo amawakonda kwambiri. Filimuyi inapata mphoto ya Golden Bear ku Berlin mu 1990, ndipo mlembi wake, Joe Eszterhas, anadzamva pambuyo pake kuti bambo ake omubereka akufufuzidwa chifukwa cha zolemba zonyoza Ayuda zimene ankafalitsa ku Hungary nthawi ya nkhondo.

Koma yofanana kwambiri ndi yanu ndi Wakolda ya 2013, ya ku Argentina, ya Lucía Puenzo, imene m'mayiko ena imatchedwa The German Doctor. Banja lina likupita kukatsegula hotela ku Bariloche mu 1960. Dokotala wina wa ku Germany, waukhondo, waulemu, akupempha kuti azitsatira galimoto yawo pamsewu wa m'chipululu, kenaka akukhala mlendo woyamba wa hotelayo, akulipiriratu. Taonani mmene akukhalira pa mikhate itatu nthawi imodzi. Mtsikana wa m'banjamo ndi wamfupi kuposa msinkhu wake ndipo anzake kusukulu amamuseka, dokotala akuti ali ndi jakisoni womukulitsa. Mayi ali ndi pakati pa mapasa, dokotala akuwasamalira. Bambo amapanga zidole, dokotala akuikamo ndalama. Munthuyo ndi Josef Mengele, dokotala wa Nazi amene ankazunza akaidi ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz. Nkhani ya banjali ndi yopeka, koma Mengele weniweni anakhaladi zaka zambiri ndi banja lina ku Brazil, ndipo sanagwidwe: anamira akusambira ku Bertioga mu February 1979, anaikidwa ndi dzina la Wolfgang Gerhard, mafupa ake n'kudzafukulidwa mu 1985. Phunziro kwa inu ndi lakuti munthu wotere sagwira anthu ndi mfuti. Amawagwira ndi chithandizo.

Mkhate wa mayi wa ku Ntcheu suvuta kuupeza, tonse kuno ku Joni timaudziwa. Masiku a mu pasipoti yake anatha kalekale, ndipo pasipotiyo bwana anati aisunge mu sefa "kuti ingatayike". Kupita kupolisi kwa iye n'kudzipereka yekha ku Lindela, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Bwana yemweyo ndi amene amalipira fizi ya mwana wake wa Fomu 3, ndipo maliro a mayi ake atachitika ndi amene anagula tikiti ya basi, osadula pa malipiro. Mabwana awiri oyamba anamudyera ndalama, uyu yekha ndi amene amamutcha "mayi". Onjezani ichi, chimene mafilimu a ku America sangakhale nacho: mayiyonso akugwira ntchito ndi dzina la msuweni wake. M'nyumba imodzi muli anthu awiri obisa mayina, wina wathawa umphawi, wina wathawa mitembo, ndipo bwana akudziwa kuti akhoza kumuuza kuti "ine ndi inu n'chimodzimodzi". Si zoona, koma woonera wa ku Turffontein kapena ku Mayfair adzamva kulemera kwake m'mimba.

Za chilankhulo musavutike. Mupatseni bwanayo mbiri yoti pothawa anakhalako ku Lilongwe zaka zisanu akugulitsa katundu, ndiye Chichewa amachilankhula, chopindika pang'ono. N'chifukwa chake anafuna wantchito wa ku Malawi.

Tsopano kayalidwe ka mphindi 20 zija. Script yolembedwa mwa dongosolo la mafilimu imayenda pafupifupi tsamba limodzi pa mphindi imodzi, ndiye mukufunika masamba 20. Pofika tsamba 3 woonera akhale ataona kanthu kamene mayiyo sanaone. Pofika tsamba 6 kapena 7 mayiyo ayambe kukayika. Cha pa tsamba 11 kapena 12 apeze umboni. Pa tsamba 14 bwana adziwe kuti wadziwika. Masamba otsalawo ndi a chisankho cha mayiyo. Chithunzi chanu chija, chimene munachiika pa mphindi 18, chikubwerera m'mbuyo ndi mphindi zisanu ndi imodzi kapena kuposa.

Umboni usabwere kamodzi ngati mvula ya matalala, uzikwera ngati makwerero. Poyamba pakhale chinthu choti munthu akhoza kuchikana. Ali ku msika ku Yeoville akunyamulira bwana zogula, mayi wina wogulitsa nsomba zouma akumva bwana akuseka, akungoti duu, chenji n'kumugwa m'manja, n'kusiya benchi lake osatseka. Bwana akuti, "Wamisala ameneyo." Mwina ndi wamisaladi. Kachiwiri pakhale chinthu chobisidwa: mapasipoti awiri, nkhope imodzi, mayina osiyana. Koma muno zimenezo si zachilendo, ndipo mayi wathu ndi womaliza kuponya mwala pa nkhani ya mayina. Kachitatu m'pamene pabwere chomangiriza nkhope ku ntchito yoipayo.

Mwaona kuti pa khwerero loyambalo ndagwiritsa ntchito khutu, osati diso. Amisiri a mafilimu amenewa amatero kawirikawiri, chifukwa nkhope imakalamba, imamera ndevu, imanenepa, koma mawu ndi zizolowezi sizisintha msanga. Mu Death and the Maiden ya 1994, Sigourney Weaver anazunzidwa atamangidwa kumaso, ndiye womuzunzayo sanamuonepo. Zaka zitadutsa, mlendo amene wathandiza mwamuna wake tayala litaphulika akulowa m'nyumba usiku, ndipo iye akumuzindikira ali kuchipinda, pomva mawu ndi kaseka. Mu The Secrets We Keep ya 2020 ndi likhweru loitanira galu. Mu The Stranger munthu anawotcha zithunzi zake zonse koma analephera kusiya kukonda mawotchi, mpaka akudzipereka kukonza wotchi ya pa nsanja ya tchalitchi. Kwa inu zimenezi n'zotchipanso: likhweru silifuna yunifolomu kapena galimoto ya asilikali.

Pali chinthu china chimene mafilimu akalewo sanalimbane nacho koma inu mulimbana nacho: foni. Woonera wa lero adzafunsa kuti bwanji mayiyo sakungojambula chithunzicho n'kufufuza dzinalo pa Google. Musaithawe foni ponamizira kuti batire yatha, anthu anatopa nazo. Isandutseni msampha. Foniyo anamugulira ndi bwana, wifi ndi ya bwana, ndipo zithunzi zimene amajambula zimakaonekeranso pa tabuleti ya pabalaza chifukwa akaunti ndi imodzi. Woonera aone chithunzicho chikutulukira pa tabuletiyo mayi ali kukhitchini osadziwa kanthu. Bomba lija ndi limeneli.

Gawo lofunika kuposa onse ndi la pa tsamba 14, ndipo ndi pamene inu munaikapo mfuti. Ichotseni. Yesani motere. Mayi akuika thireyi ya tiyi patebulo. Bwana sakumuyang'ana, akupaka majarini pa buledi pang'onopang'ono mpaka m'mphepete.

"Mayi a Chisomo, lero mwapukuta bwino m'kabati muja."

"Zikomo bwana."

"Mpaka kuseri kwa mabuku."

Ziii. Supuni ikulira m'kapu.

"Fizi ya Chisomo ndatumiza m'mawa. Ya teremu yamawa tidzatumizanso, Mulungu akatisunga tonse. Khalani pansi, timwe limodzi."

Zaka zinayi wagwira ntchito m'nyumbamo sanakhalepo pampando umenewo. Kamera ikhale pa dzanja lake pamene akulandira kapu, ndipo musadule msanga: werengani masekondi asanu ndi atatu kapena khumi asanamwe. Notorious ya Hitchcock, ya 1946, inachita zodabwitsa ndi kapu ya khofi yokha, muione chifukwa cha gawo limenelo.

Anzanu anaseka chifukwa mfuti imamasula woonera. Ikangotuluka, aliyense amadziwa kuti zotsala ndi kuthamanga ndi kukuwa, ndipo pa foni, ndi mfuti yachidole ya ku China Mall, zimaoneka ngati masanje. Komanso, ndikupempheni, musayerekeze kutulutsa mfuti yachidole mumsewu wa Joni. Wachitetezo wa pakona sadziwa kuti mukujambula.

Pa mafilimu ena otchuka ndidutsapo msanga. Marathon Man ya 1976, ya Dustin Hoffman ndi Laurence Olivier, anthu amaikumbukira chifukwa cha gawo limene dokotala wa mano wa chipani cha Nazi akuboola dzino la mnyamata wa ku yunivesite uku akumufunsa funso limodzimodzi limene mnyamatayo sakulimvetsa. Kwa ine gawo loposa ndi la mumsewu wa ogulitsa dayamondi ku New York, pamene gogo wina wopulumuka kundende za Nazi akumuzindikira dokotalayo, akukuwa dzina lake, anthu n'kumangomudutsa ngati wapenga. Limeneli liloweni pamtima. The Boys from Brazil ya 1978 ndi yosangalatsa koma nkhani yake ndi ya sayansi yopeka, simuphunzirapo kanthu pa ntchito yanu. The Odessa File ya 1974 ndi ya mtolankhani wosaka munthu, osati wokhala naye nyumba imodzi, ngakhale ili ndi mbiri yake: Eduard Roschmann amene akusakidwa mufilimumo anali munthu weniweni, ndipo filimuyo itatuluka anadziwika ku Argentina, n'kuthawira ku Paraguay kumene anafera mu 1977. Apt Pupil ya 1998 imatembenuza zinthu: mnyamata wa kusekondale ndi amene akuopseza nkhalamba kuti imufotokozere zimene inkachita, mpaka onse awiri akugwirana pakhosi. Ndi yonyansa mtima, koma imaonetsa bwino kuti chinsinsi chimadetsa ndi wochisunga yemwe. An Ordinary Man ya 2017, ya Ben Kingsley, ndi ya mkulu wa asilikali wobisala ndi mtsikana womugwirira ntchito m'nyumba, ndiye pa maonekedwe ndi mapasa ndi yanu. Muione kuti mupewe cholakwa chake: imakonda kwambiri bwanayo, mtsikanayo n'kusanduka womvera nkhani chabe.

Posankha wosewera bwana, musatenge mnyamata uja wa mawu aukali amene nthawi zonse amasewera Satana pa Isitala. Tengani bambo amene mpingo wonse umawakonda, amene ana amawathamangira, ndipo muwauze kuti asasinthe nkhope ngakhale kamodzi. Asewere munthu wokhulupirira ndi mtima wonse kuti sanalakwe. Armin Mueller-Stahl mu Music Box sakhala ndi nkhope ya chigawenga, amangokhala agogo mpaka pafupi ndi mapeto. Ndipo musajambule zakale za kunkhondo ndi anyamata asanu ovala zobiriwira ku dambo la ku Wemmer Pan. Mboni imodzi itakhala pampando, ikufotokoza motsitsa mawu kwa mphindi imodzi ndi theka, imaposa zonsezo.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa pali ngozi imene si ya luso lokha. Nkhani yoti mlendo wa nyumba yoyandikana nayo ndi wakupha, mumzinda uno si nthabwala. Mu May 2008 zipolowe zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kwawo pa mabasi opanda ngakhale chikwama. Filimu yanu ikatchula dziko lenileni kapena mtundu weniweni, amene adzalozedwe chala pa WhatsApp ndi wometa tsitsi wa pa Rockey Street, amene mwina iyeyo ndi amene abale ake anaphedwa. Pekani dzina la dziko, kapena musalitchule n'komwe, monga inachitira Death and the Maiden imene imangoti dziko lina la ku South America. Muikemonso munthu wa dziko lomwelo amene ndi wopulumuka, ngati mayi wa nsomba uja, kuti woonera asatuluke ndi maganizo oti onse ochokera kumeneko ndi amodzi.

Kukayika kukhalemonso mpaka mochedwa, poti ngakhale makhoti amaphonya. John Demjanjuk, wogwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Ohio, anaweruzidwa kuti aphedwe ku Israel mu 1988 opulumuka atamuloza m'khoti kuti ndi mlonda wankhanza wa ku msasa wa Nazi wa Treblinka. Mu 1993 khoti lalikulu la dzikolo linamumasula, zikalata zochokera ku Soviet Union zitaonetsa kuti mlondayo ayenera kuti anali munthu wina. Kenaka mu 2011 khoti la ku Munich linamupeza wolakwa pa za msasa wina, wa Sobibor, ndipo anamwalira mu 2012 apilo isanamvedwe. Mboni zinalira misozi yeniyeni, koma pa dzina zinaphonya, chonsecho munthuyo sanali woyera. The Devil Next Door ya 2019, ya pa Netflix, imafotokoza mlandu umenewu m'magawo asanu. Mayi wanu akhale ndi mantha awiri: oti akunena zoona, ndi oti mwina akunamizira munthu amene wamuchitira zabwino.

Mathero anu a apolisi ofika pa mphindi ziwiri ndi amene anamaliza kuseketsa anthu. Zenizeni zimayenda ngati kamba. Adolf Eichmann, mkulu wa Nazi amene anayendetsa nawo kuphedwa kwa Ayuda ndipo ankadzitcha Ricardo Klement ku Buenos Aires, anadziwika chifukwa cha anthu wamba: Lothar Hermann, bambo wosaona amene anakhalapo m'ndende ya Dachau, ndi mwana wake wamkazi Sylvia, amene ankacheza ndi mwana wa Eichmann. Hermann analembera Fritz Bauer, woimira boma pa milandu ku Germany, mu 1957. Eichmann anagwidwa pa 11 May 1960, atatsika basi pochokera kuntchito. Zaka zitatu. Ndipo kawirikawiri mlandu umayambira pa mapepala, osati pa mitembo: Kayishema atafika kukhoti ku Cape Town, milandu yoyamba inali ya chinyengo ndi kuphwanya malamulo olowera m'dziko. Tisaiwalenso kuti mu June 2015 Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan pa nthawiyo, amene khoti la padziko lonse la ICC linkamufuna, anabwera ku msonkhano wa African Union ku Sandton konkuno, khoti n'kulamula kuti asatuluke m'dziko, iye n'kunyamuka pa bwalo la ndege la asilikali la Waterkloof. Ndiye filimu yanu ithere pa chochita cha mayiyo, osati cha boma. Envelopu ili m'manja, waima pakhomo la ofesi, foni ikulira, ndi Chisomo akuti fizi yafika. Alowa kapena salowa, musankhe nokha, koma asankhe ndi iye, ndipo chimene wataya tichione.

Za kajambulidwe, mwachidule, poti nkhani ngati iyi imafa ndi mawu osamveka kuposa chithunzi chosawala. Gulani maikolofoni awiri a pakolala, muwamangirire pafupifupi masentimita 20 pansi pa chibwano, mkati mwa malaya koma osakhudza nsalu yokhuthala. Zimitsani firiji pojambula, ndipo makiyi a galimoto kapena a nyumba muwaike m'firijimo kuti musachoke osayatsanso. Mukamaliza gawo lililonse, aliyense akhale chete mujambule mphindi imodzi ya phokoso la chipindacho. Polumikiza mudzaifuna kuti muzitsekera mipata, apo ayi phee wa patebulo uja adzamveka ngati foni yazima. Pewani m'mamawa ndi chakumadzulo pamene mbalame za hadeda zimachita phokoso, ndipo nyumba ikhale kutali ndi msewu wa ma taxi. Foni igone chopingasa, ikhale pa flight mode, muikhome pa mafelemu 25 pa sekondi chifukwa magetsi a kuno ndi a 50Hz ndipo pa 30 mababu ena amaphethira pa chithunzi. Mukhomenso focus ndi kuwala kuti zisamasinthe zokha munthu akasuntha. Gulu losazolowera limakwanitsa masamba atatu kapena anayi pa tsiku, ndiye werengerani Malamulungu asanu mpaka asanu ndi awiri, ndipo pa nthawi yonseyo pasapezeke wometa kapena woluka tsitsi lina. Jambulani chithunzi cha tebulo musanaweruke kuti sabata yamawa kapu idzabwerere pamalo pake. Mukabwereza gawo lililonse kangapo mudzakhala ndi maola awiri ndi theka kapena atatu a zojambula, zimene pa 1080p zikhoza kudya malo okwana 20GB, choncho muzikopera pa kompyuta ndi pa memory card tsiku lomwelo.

Kopeza mafilimuwa kumasinthasintha, ndiye lembani dzina pa webusaiti ya JustWatch, musankhe South Africa, ikuuzani kumene ilipo mwezi umenewo. The Stranger yokha ndi yaulere pa Internet Archive ndi pa YouTube chifukwa umwini wake ku America unatha osawonjezeredwa. Pa Netflix ola limodzi limadya data yofika 1GB pa chithunzi wamba ndi 3GB pa HD, ndiye koperani pa wifi. Poti gulu lanu ndi la achinyamata a kumpingo, yang'anani chizindikiro cha msinkhu cha Film and Publication Board musanaonetse: Death and the Maiden imakamba za kugwiriridwa mosabisa, ndipo Marathon Man ndi Apt Pupil si za ana. The Stranger nayonso, ngakhale ndi yakale, ili ndi zithunzi zenizeni za m'misasa ya Nazi, ndipo inali filimu yoyamba ya ku Hollywood kuzionetsa.

Musanayambe kulembanso, tengani osewera anu atatuwo mupite nawo ku Johannesburg Holocaust & Genocide Centre ku Forest Town, pafupi ndi zoo. Kuli mbali ya za Ayuda ku Ulaya ndi mbali ya za ku Rwanda mu 1994, ndi maumboni a opulumuka. Wosewera bwana ndi wosewera mayi wa nsomba akufunika kumva mmene anthu oona zoterezi amalankhulira, chifukwa sakuwa ngati pa siteji. Mukabwerako onerani The Stranger, Music Box ndi Wakolda motsatana choncho, wina ali ndi wotchi ndi kope, azilemba mphindi imene woonera wadziwa, mphindi imene munthu wamba uja wadziwa, ndi mphindi imene wothawayo wadziwa kuti wadziwika. Manambala atatu amenewo muwayerekeze ndi masamba 3, 12 ndi 14 a script yanu yatsopano, ndipo masamba asanu oyambirira mukawamaliza munditumizire ndiwaone.